Khadi la Chipewa

Ntchito yanga ndi kulemba mafunso. Anthu ndikawauza amayamba aseka kaye, koma ndi ntchito ndithu, ndipo ndimadyera pomwepo. Alamu anga, amuna awo a achemwali, ali ndi malo osindikizira mapepala kuseri kwa depoti ya mabasi. Kwa zaka zambiri ankangopanga makalendala, timabuku ta malisiti ndi makhadi oitanira anthu ku ukwati. Kenako anatulukira nzeru yopanga masewera a mafunso: bokosi la makhadi, kutsogolo funso, kumbuyo yankho, loti ana azisewera kusukulu ndiponso mabanja kunyumba. Bokosi loyamba litayenda malonda, anandinyengerera kuti ndisiye ntchito m'shopu ya mabuku, ndidzalembe mafunso atsopano ndi kukonzanso akale.

Pa ntchitoyi tinalipo atatu. Ine wolemba, alamu osindikiza, ndi aphunzitsi ena opuma pantchito amene ankafufuza ngati mayankho athu ali oona. Aphunzitsiwo tinkangowatchula kuti a Chofiira, chifukwa cholembera chofiira sichinkachoka m'thumba la malaya awo. Ankabwera m'mawa, n'kupachika jekete pamsomali, n'kukhala pafupi ndi zenera poti maso anali atayamba kuwavuta. Funso likawakayikitsa sankachulutsa mawu, ankangolizunguliza ndi inki yofiira n'kundibwezera.

Malo athu ndi chipinda chimodzi chachitali. Kutsogolo kuli kauntala, pakati tebulo langa ndi kompyuta, kumbuyo makina osindikizira ndi chimpeni chodulira mapepala. Ponseponse pamanunkha inki ndi guluu. Makina akayamba kulira timalankhulana mokuwa, moti wodutsa panja amayesa tayambana, chonsecho tikungofunsana kuti wamaliza shuga ndani.

Khadi lililonse ndi laling'ono ngati chikhatho cha mwana. Funso likapitirira mizere itatu silikwana, ndipo alamu salola kuchepetsa zilembo, amati okalamba nawonso azitha kuwerenga. Choncho liwu lililonse limalowa pakhadi litachita kulimbirana malo ndi linzake.

Mkangano unabuka pa khadi la Chipewa.

Kwathu kuno palibe amene sadziwa Chipewa. Dzina lake lenileni ndi lalitali ndipo lili pachikwangwani cha chipatala, koma anthu amangoti Chipewa, chifukwa pa chithunzi chake chokhacho chimene chilipo anavala chipewa chachikulu chophimba maso. Anali wamalonda wa kalekale. Ndiye anamanga mlatho wamiyala ndi chipatala choyamba. Ankagulanso anthu kumtunda n'kukawagulitsa kudoko. Zimenezi si chinsinsi, zili m'mabuku, kungoti chipatala chili pa tsamba lina, anthu ogulitsidwawo pa tsamba lina, ndipo aphunzitsi ambiri teremu imawathera asanafike pa tsamba lachiwirilo.

M'bokosi loyamba alamu analemba okha kuti: "Ndi munthu wachifundo uti amene anamanga chipatala choyamba m'tauni muno?" Ine nditafika pa khadi limeneli ndinafufuta "munthu wachifundo" n'kuikapo "wogulitsa akapolo". Sindinajejeme n'komwe. Ndinkangoona ngati ndikuwongola chilembo chopendama.

Alamu anaziona akuwerenga mapepala oyeserera, ataimirira pakauntala, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Mlamu, tabwerani kuno. Ichi n'chiyani?"

"Ndi funso, alamu."

"Ndaona kuti ndi funso. Wachifundo uja wapita kuti?"

"Ndamuchotsa. Munthu wogulitsa anzake ngati mbuzi angakhale wachifundo?"

"Nanga chipatalacho anamanga ndani? Inuyo munabadwira kuti?"

"Momwemo. Koma sanandifunse."

Alamu anavula magalasi n'kuwaika pamulu wa mapepala. "Awa ndi masewera, mlamu. Anthu akamaliza kudya atulutse bokosi, aseke, atsutsane za mtsinje wautali kuposa yonse. Inu mukufuna kuwabweretsera maliro pabalaza."

"Ndikufuna ana asaloweze bodza."

"Aphunzitsi, tatiweruzeni," anatero alamu, uku akupereka makhadi onse awiri, lakale ndi langa.

A Chofiira anawawerenga atawayandikitsa kuzenera. Kenako anatulutsa cholembera chija n'kuzunguliza onse awiri.

"La inu bwana," anatero kwa alamu, "liwu loti wachifundo ndi maganizo anu. Palibe anaona mumtima mwake. Mabuku ena amati anamanga chipatalacho chifukwa onyamula katundu ake ankafa ndi malungo ndipo malonda ankaima." Anatembenukira kwa ine. "La iwe mwana wanga ndi loona, sindingalitsutse. Koma funsoli walipatsa ntchito ziwiri, kufunsa ndi kulalikira. Bwanji tingoti wamalonda? Liwulo ndi loona, ndipo silitamanda kapena kutukwana."

"Malonda a chiyani?" ndinafunsa. "Mwana akafuna kudziwa timuuza kuti a mchere?"

"Mcherenso ankagulitsa."

Alamu anaseka. Ine ndinanena zambiri: zoti liwu lofatsa limabisa zinthu kuposa bodza lenileni, zoti mwana amapatsidwa pointi chifukwa chokumbukira dzina la wogulitsayo pamene ogulitsidwawo palibe ndi mmodzi yemwe amene dzina lake lili kumbuyo kwa khadi. A Chofiira anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafufuza m'mulu wa mapepala oyeserera n'kusolola khadi lina.

"Walira mvula walira matope," anatero. "Tawerenga ili."

Linali khadi la Namkondo, ndipo ndinalilemba ndine: "Ndi mtsogoleri wachimayi uti wolimba mtima amene anathamangitsa adani pachigwa?" Namkondo ndi mayi amene atsikana tonse tinakula tikumutama. Chithunzi chake, atanyamula mkondo, ndinachimata pachikuto cha kope langa ndili kusukulu, ndipo ndinali nditakakamiza alamu kuti chikhale pachivundikiro cha bokosi latsopano.

"Lili ndi vuto lanji?"

"Anthu amene ankawagwira pankhondo ankawasinthanitsa ndi mfuti. Mabuku onse amene ndili nawo amavomerezana pamenepo. Ena mwa anthuwo mwina anathera m'manja mwa Chipewa yemweyo."

"Zimenezo n'zosiyana. Iye ankateteza anthu ake."

"Ogwidwawo analinso anthu a winawake."

Alamu anatola magalasi awo, nati, "Lembani wamalonda, tipite patsogolo," n'kukayatsa makina.

Poweruka ndinadzera kwa achemwali. Iwo ndi telala, amasokera pakhonde la nyumba yawo. Ndinawapeza akupinda mpendero wa diresi, mapini ali pakamwa. Ndinawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi zimene ndinkakhulupirira: kuti amuna awo akuopa komiti ya chipatala, imene inali itaitanitsa mabokosi a ku wodi ya ana.

Achemwali analavulira mapini m'manja. "Iwe ukuganiza kuti ndi za oda ya chipatala?"

"Nanga n'chiyani china?"

"Alamu akowo kwawo n'kuti?"

"Kutsidya kwa mlatho. Ndani sadziwa?"

"Ndiye ukudziwatu. Zotsalazo ukawafunse wekha, ine mwini diresi akubwera."

Ndinayenda ulendo wonse wa kunyumba ndikuganiza. Kutsidya kwa mlatho n'kumene anasiyidwa anthu amene anali m'manja mwa Chipewa pa nthawi imene malonda a anthu analetsedwa. Ambiri sankadziwa njira yobwerera kwawo, ena anagwidwa ali ana moti sankadziwa n'komwe dzina la kumene anachokera, ndiye anangomanga pomwepo. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino, ndikanatha kuzilemba pakhadi. Koma sindinali nditazilumikizapo ndi alamu anga, munthu amene ndinavina pa ukwati wake ndipo ndimadya naye mbale imodzi.

Mawa lake masana, a Chofiira atapita kukadya, ndinawapeza alamu pa chimpeni chija. Ankasanja mulu wa mapepala, n'kuugunditsa patebulo kuti ulingane, n'kutsitsa chogwirira. Tizidutswa tinkagwera m'katoni pansi.

"Alamu, achemwali akuti ndikufunseni za kutsidya."

Sanatembenuke. "Achemwali anuwo pakamwa sipauma."

Anadula mulu wina, kenako anayamba kulankhula, maso ali pa ntchito.

"Ndili ku pulayimale tinali ndi mphunzitsi wakhama. Iye teremu sinamuthere, anafika pa tsamba lanu lija. Anatiwerengera zonse, za maunyolo, za magoli, za ulendo wa kudoko. Munthu wabwino, ankafuna tidziwe. Atangomaliza, kalasi yonse inatembenuka kuyang'ana kumbuyo kumene tinkakhala ife a kutsidya. Palibe anawauza, makosi anangotembenuka okha. Pa nthawi yopuma dzina linali litapezeka kale: katundu wa Chipewa. Wina anandikoleka chingwe cha nsapato m'khosi n'kumandikoka pabwalo, akufunsa anzake kuti ndani agule. Dzinalo ndinachoka nalo pasukulupo."

"Sindinkadziwa."

"Mukanadziwa bwanji, si munali kutsogolo inu?" Anatsitsanso chogwirira. "Chipewayo anafa kalekale, mlamu. Mawu anu samupeza. Adzapeza mwana wa kutsidya amene wakhala kumbuyo m'kalasi."

"Nanga mwana yemweyo akamawerenga kuti munthuyo anali wachifundo?"

"Liwu limenelo ndinalemba ndine, ndipo ndinkadziwa chimene ndikulemba. Likawerengedwa palibe amatembenuka."

Ndinatola tizidutswa timene tinagwera pambali n'kutiponya m'katoni. Sindinkagwirizana nawo, koma mawu onse amene ndinakonza usiku anali oyankha munthu wamantha, ndipo munthu wamanthayo panalibe.

"Tichite chonchi," anatero alamu. "Amayi anga akubwera kudzayezetsa maso, agona kwathu. Lamulungu tikamayesa makhadi atsopano muwawerengere onse atatu, wachifundo, wamalonda ndi lanulo. Akangokhumudwa, khadi lanu lafera pomwepo."

Ndinavomera.

Chizolowezi chathu chinali chakuti makhadi asanasindikizidwe tinkawasewera kaye kunyumba kwa achemwali, kuti tione ovuta kwambiri ndi osamveka. Lamulungu limenelo masana tinakhala mozungulira tebulo la pabalaza: ine, achemwali, alamu, a Chofiira ndi amayi awo a alamu. Ana anawatumiza kukasewera kwa aneba.

Amayiwo amagulitsa nsalu pamsika wa kutsidya. Ndi munthu wathupi, wa mawu aakulu, ndipo sakonda kugonja. Ngakhale ankati maso akuwavuta, khadi likangopendekeka pang'ono ankaona yankho kumbuyo.

"Amayi, mwasuzumira," anatero achemwali.

"Ndasuzumira ndi maso ati? Si ndabwera kudzayezetsa omwewa?"

Tinadutsa mafunso a nyama, a mitsinje, a mpira. Amayi ankatsogola. Kenako alamu anandiyang'ana, ine n'kutenga makhadi atatu aja.

"Ili ndi lanu, amayi. Ndi munthu wachifundo uti amene anamanga chipatala choyamba m'tauni muno?"

"Chipewa. Ndipatseni pointi yanga." Anamwa tiyi. "Koma chifundo chake chiti? Analemba ndani zimenezo?"

Alamu ankayang'ana m'kapu.

"Nanga tikafunsa chonchi: ndi wamalonda uti amene anamanga chipatala choyamba?"

"Wamalonda ndine. Musandiike m'thumba limodzi ndi munthu ameneyo."

Ndinaona kuti ndapambana, ndipo ndinawerenga lachitatu mokweza: "Ndi wogulitsa akapolo uti amene anamanga chipatala choyamba m'tauni muno?"

Amayi anaika kapu pansi. "Akapolo ake ati?"

"Anthu amene ankawagulitsawo, amayi."

"Ndiye bwanji osanena kuti anthu? Agogo awo a mayi anga anawagwira akuchokera kumunda, mwana ali kumbuyo, khasu lili paphewa. M'mawa umenewo sanatuluke m'nyumba ali kapolo. Iwe ukalemba choncho zikumveka ngati anawapeza ali kale pashelefu."

A Chofiira anatulutsa cholembera n'kulemba kanthu pakapepala.

"Mwamva, mlamu?" anatero alamu. "Nkhaniyi tingoisiya. Khadi la Chipewa tilichotse."

"Ulichotse chifukwa chiyani?" anafunsa amayi. "Lembani kuti ankagula ndi kugulitsa anthu. Anthu adziwe."

"Amayi, khadi limeneli likawerengedwa m'kalasi, ana a kwathu azikanyozedwa."

"Iwe ankakunyoza chifukwa cha buku. Ine amene sindinakhalitse n'komwe kusukulu ankandinyoza pamsika popanda buku. Wonyoza sadikira khadi."

"Inu simunali m'kalasimo. Ndikabwera ndikulira munkangoti ukawamenye."

"Ndipo unawamenya?"

"Ndikanamenya ndani, ndili wowonda ngati udzudzu?"

Achemwali anaseka, kenako anadzigwira pakamwa ataona kuti amuna awo sakuseka.

"Ndinkafuna mupite kusukuluko mukalankhule," anatero alamu. "Simunapite ngakhale tsiku limodzi."

"Ndikanapita, benchi langa akanakhalapo ndani? Ukanadya chiyani?" Amayi anakonza mpango kumutu ngakhale unali bwinobwino. "Ndipo ndikanakanena chiyani? Kuti si zoona? Ndi zoona. Manyazi ndi a wogulitsa, si athu."

"Zimenezo mukamuuze mwana wa zaka khumi ali ndi chingwe m'khosi."

Panja pankamveka ana a aneba akulimbirana mpira. Amayi anatembenukira kwa a Chofiira, ngati kuti akufuna wina woti alimbane naye.

"Inu aphunzitsi, mulembenso kuti anakwirira anthu amoyo m'mizati ya mlatho uja kuti ulimbe. Mulembe kuti chinali chigawenga."

"Za mizatizo ndinazimvapo, mayi, koma sindinazipeze m'buku lililonse."

"Mabukuwo analemba ndani? Si anzake omwewo?"

"Ena anzake, ena adani ake enieni amene ankafuna amangidwe. Onsewo palibe anatchula za mizati. Sindingalole pakhadi chinthu chimene sindingachiikire umboni."

Amayi anatsonya. "Ophunzira inu, mpaka wakufayo adzuke adzasaine."

Tsiku limenelo sitinagwirizane kanthu. Achemwali anatenga makhadi otsala n'kupitiriza kufunsa za mapiri, ndipo amayi anapambana masewerawo. Alamu anatuluka n'kukatsegula boneti ya galimoto imene inalibe vuto lililonse. Pamene ndinkatsanzika ndinaona amayi awo ataima pambali pawo, atagwira tochi masanasana, akuwaunikira mu injini.

Lolemba alamu anafika mochedwa, ataperekeza amayi kokayezetsa maso. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi kompyuta yanga, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Lembani mmene ananenera amayi," anatero. "Koma ndili ndi mfundo zanga, ndinena mukamaliza."

Ndinalemba: "Ndani anamanga chipatala choyamba m'tauni muno koma ankagula ndi kugulitsa anthu?"

A Chofiira anaimirira kumbuyo kwathu. "Chotsa koma."

"Walakwanji koma?"

"Koma amakondera. Chimene chabwera pambuyo pake ndicho chimapambana. Tayesa kutembenuza: ankagulitsa anthu koma anamanga chipatala. Wamva? Wamukhululukira kale."

Ndinayesa "ngakhale", nayenso anamukana pa chifukwa chomwecho. Ndinayesa kulemba kuti anamanga chipatalacho ndi chuma chochokera pogulitsa anthu. A Chofiira anati n'kutheka ndithu, koma ankagulitsanso minyanga ndi mchere, ndipo palibe angaloze njerwa n'kunena kuti iyi inachokera apa. Tinakangana za chimene chiyambe, chipatala kapena anthu. Alamu ankafuna chipatala chiyambe, ine ndinkafuna anthu. A Chofiira anati titsate nthawi: malondawo anayamba kale, chipatala chinabwera atakalamba. Tiyi anazizira m'makapu tikulimbana ndi timawu ting'onoting'ono. Pomaliza pa kompyuta panatsala izi:

"Ndani ankagula ndi kugulitsa anthu, ndiponso anamanga chipatala choyamba m'tauni muno?"

Linakwana m'mizere itatu, popanda kuchepetsa zilembo.

"Tsopano mfundo zanga," anatero alamu. "Mabokosi akhala awiri. Lobiriwira la ana a pulayimale, labuluu la a sekondale ndi akuluakulu. Khadi ili lipita m'labuluu. M'lobiriwira Chipewa asapezekemo n'komwe, kaya wachifundo kaya wotani."

"Kumeneko n'kubisa, alamu. Ana aang'onowo ndi amene amadutsa pa chikwangwani chija tsiku ndi tsiku."

"Mwina n'kubisa. Koma makina ndi anga."

"Aphunzitsi, nenanipo kanthu."

"Ine ntchito yanga ndi kuona ngati yankho lili loona," anatero a Chofiira. "Za mtundu wa bokosi sizindikhudza."

"Yachiwiri," anapitiriza alamu. "Muyeso umene mwamuyezera Chipewa mumuyezerenso mayi wanu wa mkondo uja."

Ndinkadziwa kuti zibwera. Ndinatsegula khadi la Namkondo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ndinafufuta "wolimba mtima", chifukwa ngati wachifundo anali maganizo a alamu, wolimba mtima anali maganizo anga. Ndinalemba kuti: "Ndi mayi uti anathamangitsa adani pachigwa, ndiponso ankasinthanitsa ogwidwa pankhondo ndi mfuti?" Zinandiwawa kuposa mmene ndinkayembekezera. A Chofiira analiwerenga kawiri n'kubwezera cholembera m'thumba osalemba kanthu. Chithunzi chake pachivundikiro alamu anati chikhale, poti anali atajambulitsa kale.

Mabokosi anatuluka sukulu zitangotsegulira. A komiti ya chipatala anatenga obiriwira a ku wodi ya ana. Wapampando wawo anaimba foni kufunsa chifukwa chake woyambitsa chipatala sakupezekamo, alamu n'kuwayankha kuti malo anachepa. Sanaimbenso.

Za khadi la Chipewa tinamva zochepa. Mphunzitsi wina wa sekondale ya kutsidya, atabwera kudzasindikiza mayeso, anati iye amalichotsa akamasewera ndi a folomu wani, n'kulibwezera akafika kwa a folomu folo. Wina anati khadilo likangotuluka masewera amathera pomwepo, ana amatsutsana mpaka belu. Sindinadziwe ngati akudandaula kapena akuyamikira, ndipo nditamufunsa anati nayenso sakudziwa. Ndinafuna kumufunsa ngati makosi amatembenuka, koma alamu anali pomwepo pakauntala.

Moto weniweni unabukira kwa Namkondo. Tsiku lina kunabwera mayi wamkulu wa sukulu ya atsikana, atanyamula bokosi labuluu kukhwapa. Analiika pakauntala n'kutulutsa khadilo.

"Analemba ichi ndani?"

"Ndine, mayi."

"Mkazi mnzathu? Atsikana anga ali ndi akazi angati m'mabuku oti aziwayang'ana? Mmodzi yekhayu, ndiye inu mwamupaka matope. Amuna onse ali m'bokosimu, ankhondo, olamula, onsewo manja awo ngoyera?"

Ndinawauza kuti si onse amene tawafufuza, koma tiwafufuza. Ndinawasonyeza khadi la Chipewa. Anati Chipewa alibe naye ntchito, palibe mtsikana amene amalota kudzakhala Chipewa. Ndinati zimene zalembedwazo ndi zoona. Anati sanabwere kudzatsutsa zoona, abwera kudzafunsa ngati masewera a mafunso ndi malo ake. Ndinazindikira kuti ndikumva mawu a alamu m'kamwa mwa munthu wina, ndipo ndinacheuka kuti mwina andithandiza. Iwo anali kumbuyo, akupukuta makina ndi kansanza, ngati sakumva.

Mayiwo sanabweze bokosilo. Anang'amba khadi la Namkondo pakati, n'kusiya zidutswazo pakauntala, n'kunyamula bokosi lawo kumapita.

Atatuluka, alamu anabwera n'kutola zidutswazo. "Pepala labwino ili," anatero. "Silinang'ambike msanga." Anaziponya m'katoni ya zinyalala.

Funso la mayi uja lokhudza amuna ena a m'bokosi a Chofiira analitenga ngati ntchito. Masiku ano amabwera ndi mabuku m'chikwama cha pulasitiki, ndipo apeza kale ena angapo: mlaliki wina amene ankawombola anthu n'kumawagwiritsa ntchito m'munda mwake osawalipira, ndi woyendetsa sitima amene dzina lake lili pa msewu wa kudepoti. Aliyense timakangana naye payekha, chifukwa mawu amene anakwana pa Chipewa sakwana pa mlaliki. Makhadi ena tawasintha, limodzi talichotsa chifukwa nkhani yake sinatheke kulowa m'mizere itatu popanda kunama.

Alamu sanasinthe maganizo. Amanenabe kuti masewera anayenera kukhala masewera, ndipo ine ndimanenabe kuti bokosi lobiriwira lili ndi dzenje. Amayi awo anatenga bokosi labuluu n'kupita nalo kumsika, akuti amafunsa anzawo makasitomala akachepa, koma amadandaula kuti funso la Chipewa n'lophweka kwambiri, aliyense kutsidya amalikhoza.

Mwana woyamba wa alamu akulowa sekondale chaka chamawa. Kunyumba kwawo kuli bokosi lobiriwira lokha. Achemwali anandiuza kuti amuna awo akapanda kubweretsa labuluu, adzabwera kudzalitenga okha.